Musanasinthe galimoto yanu, funsani lamulo ndi a inshulansi

Loweruka m'mawa, m'magalaja a ku Biwi mumzinda wa Lilongwe komanso ku Ndirande ndi ku Limbe mumzinda wa Blantyre mumakhala piringupiringu. Koma si galimoto zonse zofika kumeneko zomwe zimakhala ndi vuto. Zina zimakhala zangolowa kumene m'dziko muno kuchokera ku Japan, kudzera padoko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, ndipo eni ake amafuna kuti zisinthe maonekedwe zisanayambe kuoneka m'tauni.

Wina amafuna marimu akuluakulu onyezimira. Wina amamatitsa tinti wakuda bii pamagalasi onse. Wina amawotcheretsa chitsulo kutsogolo, pomwe mnzake amakweza galimoto kuti isamagunde pansi m'misewu ya maenje. Alipo enanso omwe amachotsa injini yotopa n'kuikamo ina yomwe aipeza pamtengo wabwino.

Zifukwa zochitira izi zambiri n'zomveka ndithu. Misewu yathu si ya ku Japan, ndipo aliyense amafuna chuma chake chioneke bwino. Komabe galimoto ili ndi mbali ziwiri zomwe makaniko sazigwira ndi sipanala. Mbali yoyamba ndi zomwe zidalembedwa m'kaundula wa boma, ndipo yachiwiri ndi zomwe mwini wake adauza kampani ya inshulansi. Galimoto ikasintha koma zolembedwazo n'kukhala momwe zidalili, vuto limabisala mpaka tsiku la ngozi, ndipo patsikulo munthu akhoza kutaya galimoto, ndalama ngakhalenso katundu wa pakhomo.

Galimoto ya pamsewu ndi galimoto ya papepala

Lamulo lalikulu loyendetsa nkhani za pamsewu m'dziko muno ndi la Road Traffic Act la m'chaka cha 1997, pamodzi ndi malamulo ang'onoang'ono omwe adatsatirapo. Nthambi yomwe imaonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa ndi ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, mwachidule DRTSS, mothandizana ndi apolisi apamsewu.

Galimoto ikamalembetsedwa, nthambiyi imasunga mbiri yake mu kompyuta ya MalTIS. Mumalembedwa mtundu wa galimotoyo, nambala ya chasisi, nambala ya injini, kukula kwa injiniyo, utoto wake, kulemera kwake, chiwerengero cha anthu omwe iyenera kunyamula komanso ntchito yomwe izigwira. Zambiri mwa izi ndi zomwe zimaoneka pachiphaso cha umwini chomwe ambiri amachitcha Blue Book.

Kuonjezera apo, galimoto imayenera kupimidwa nthawi ndi nthawi kuti ipatsidwe chiphaso cha Certificate of Fitness, chomwe timangoti COF. Opima amaona mabuleki, nyali, matayala, chiwongolero ndi zina zokhudza chitetezo. Chofunika kumvetsa n'chakuti COF imachitira umboni galimoto monga momwe idalili patsiku lopimalo. Ngati mawa lake mwaisintha, pepala lomata pagalasi lija silingaikire kumbuyo zomwe opimawo sadazione.

Choncho funso loyamba lomwe mwini galimoto ayenera kudzifunsa ndi ili: kodi chomwe ndikufuna kusinthachi chikukhudza zomwe zili m'kaundula? Ngati yankho ndi eya, ndiye kuti ntchitoyo siithera kugalaja. Iyenera kukathera ku DRTSS, komwe zolembedwazo zikakonzedwe kuti zifanane ndi galimoto yeniyeniyo.

Injini ndi utoto

Kusintha injini n'kofala kwambiri chifukwa galimoto zambiri zimabwera zitayendapo kale mtunda wautali. Pakokha si mlandu. Vuto limabwera pomwe nambala ya injini yatsopanoyo siikugwirizana ndi ya pachiphaso. Nambala ya injini ndi ya chasisi ndi zomwe apolisi amayang'ana pofufuza galimoto zobedwa, ndipo munthu yemwe wapezeka ndi injini yopanda malisiti kapena yofufutidwa nambala amakhala ndi mafunso ovuta oti ayankhe, ngakhale adaigula ndi mtima woyera.

Palinso nkhani ya kukula kwa injini. Msonkho wa galimoto zolowa m'dziko muno, womwe bungwe la Malawi Revenue Authority limatolera, umatengera zinthu monga kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Izi zikuonetsa kuti kukula kwa injini si nkhani ya makaniko yekha. Ndipo kumbali ya chitetezo, opanga galimoto amayeza mabuleki, giyabokosi ndi mashoko molingana ndi mphamvu ya injini yomwe adaikamo. Kuika injini ya 2000cc m'galimoto yomwe idabwera ndi ya 1500cc, mabuleki n'kuwasiya omwewo, ndiko kupatsa galimoto mphamvu yothamangira popanda kuipatsa mphamvu yoimira.

Chimodzimodzinso kusintha pulogalamu ya mu kompyuta ya injini kuti ikoke kwambiri. Kusinthaku sikuoneka ndi maso, koma kumasiya zizindikiro zomwe katswiri akhoza kuziona akalumikiza makina ake. Galimoto zopangidwira msika wa ku Japan zimabwera ndi malire a liwiro a makilomita 180 pa ola, ndipo kuchotsa malirewo nakonso ndi kusintha galimoto.

Utoto nawo umalembedwa m'kaundula. Galimoto yomwe pachiphaso ndi yoyera koma pamsewu ndi yakuda imadzetsa chikaiko pamalo alionse achipikisheni, makamaka pamalire a dziko. Izi zikukhudzanso omwe sapenta koma amangomata pepala la mtundu wina thupi lonse la galimoto.

Matayala, marimu ndi kukweza galimoto

Ambiri amaona marimu ngati chokongoletsa chabe, koma masamu ake amanena zina. Tayala lolembedwa 185/65 R15 limatanthauza kuti m'lifupi mwake ndi mamilimita 185, kutalika kwa mphira wa m'mbali ndi 65 peresenti ya mlingo umenewo, ndipo rimu ndi ya mainchesi 15. Tayala lonselo, kuyeza kuchokera pansi kufika pamwamba, limakwana mamilimita pafupifupi 622.

Mwini galimoto akachotsa tayala limeneli n'kuika la 215/55 R17, mlingowo umafika pamamilimita pafupifupi 668, zomwe ndi kukula ndi 7 peresenti ndi kachidutswa. Mita yoonetsa liwiro imawerenga kazunguliridwe ka tayala, ndipo siidziwa kuti tayalalo lakula. Zotsatira zake n'zakuti pomwe kale inkaonetsa 80 galimoto ikuyenda 80, tsopano idzaonetsa 80 galimoto ikuyenda pafupifupi 86. Dalaivala akhoza kulumbira kwa wapolisi kuti sadapyole malire, chonsecho kamera ikunena zoona.

Matayala aakulu mopyola muyeso amakhuzanso thupi la galimoto pokhota, ndipo akatulukira kunja kwa thupilo amamwaza miyala ndi madzi kwa ena. Tayala lililonse lilinso ndi nambala yoonetsa katundu yemwe lingasenze. Kuika tayala lokongola koma losenza katundu wochepa kuyerekeza ndi lomwe opanga galimoto adalamula ndiko kuitana ngozi ya kuphulika kwa tayala pamsewu wotentha ngati wa kuchigwa cha Shire.

Kukweza galimoto ndi masipesa kapena masipuling'i aatali kumathandizadi m'misewu ya fumbi. Koma galimoto ikakwera, kulemera kwake nako kumakwera m'mwamba, ndipo imapendekeka kwambiri pokhota kapena pozemba chinthu mwadzidzidzi. Ichi n'chifukwa chake galimoto yokwezedwa siichedwa kugubuduzika. Kukweza pang'ono ndi zipangizo zopangidwira mtundu wa galimotoyo n'kosiyana kutali ndi kuwotcherera zitsulo zongopeza. Nako kutsitsa galimoto podula masipuling'i kumaononga kagwiridwe ka matayala pamsewu.

Tinti, nyali ndi chitsulo cha kutsogolo

Tinti amateteza ku dzuwa ndi maso a akuba, koma akada kwambiri dalaivala saona bwino usiku, makamaka woyenda pansi kapena wa kabaza yemwe akutulukira m'mbali. Maiko ambiri amayeza tinti potengera kuchuluka kwa kuwala komwe galasi likulowetsa. Ku Britain, galasi la kutsogolo liyenera kulowetsa kuwala kosachepera 75 peresenti, ndipo magalasi a m'mbali mwa dalaivala ndi mnzake wa kutsogolo kosachepera 70 peresenti. Ku South Africa, galasi la kutsogolo liyenera kulowetsa kosachepera 70 peresenti pomwe magalasi ena ndi 35 peresenti. Ku India, khoti lalikulu la Supreme lidaletseratu kumata mapepala a tinti pamagalasi a galimoto m'chaka cha 2012.

Izi zikukhudza Amalawi ambiri omwe amayenda pagalimoto kupita ku Johannesburg kapena maiko oyandikana nawo. Mukawoloka malire, lamulo lomwe limagwira ntchito ndi la dziko lomwe mwalowalo. Galasi lomwe ladutsa bwinobwino pa Zalewa likhoza kukulipitsani kwina.

Nyali nazo zili ndi nkhani yake. Aliyense woyenda usiku mumsewu wa M1 amadziwa ululu wokumana ndi galimoto yomwe nyali zake zikuthobwa m'maso. Kawirikawiri chimachititsa ndi mababu a LED kapena HID omwe aikidwa m'nyali zopangidwira mababu akale a halogen. Kalilole wa m'kati mwa nyali adapangidwa kuti aponye kuwala pansi ndi kumbali ya msewu, potengera malo enieni omwe kuwala kwa babu yakaleyo kumachokera. Babu yamtundu wina imamwaza kuwalako paliponse, kuphatikizapo m'maso mwa yemwe akubwera kutsogolo. Mizere ya nyali za LED yomwe ena amaika padenga kapena pabampala idapangidwira kutchire, osati pamsewu wopishanapo ndi anthu ena. Ndipo nyali zothwanima zabuluu ngati za apolisi, pamodzi ndi masailini, si za munthu wamba.

Chitsulo cha kutsogolo, chomwe chimadziwika kuti bull bar, ambiri amachiika poopa mbuzi ndi ng'ombe. Koma kutsogolo kwa galimoto zamakono kudapangidwa dala kuti kuzikwinyika pangozi, n'cholinga choti mphamvu ya kugundako ithere m'zitsulo isanafike kwa anthu. Chitsulo cholimba chowotcherera kuchasisi chimasokoneza zimenezi, ndipo chikhoza kusokonezanso tizipangizo tomwe timauza ma airbag nthawi yoti afufume. Kwa munthu woyenda pansi, makamaka mwana, kugundidwa ndi chitsulo chotere n'koopsa kwambiri kuposa kugundidwa ndi bampala ya pulasitiki. Boma la India lidalamula kuti zitsulozi zichotsedwe pagalimoto m'mwezi wa December 2017, ndipo maiko a mu European Union amalola zokhazo zomwe zapambana mayeso oteteza oyenda pansi.

Ekizozi ndi mawaya

M'kati mwa paipi ya utsi muli chipangizo chotchedwa catalytic converter, chomwe chimachepetsa poizoni wa mu utsi. Chili ndi miyala yamtengo wapatali ya platinum, palladium ndi rhodium, n'chifukwa chake chimabedwa komanso ena amachigulitsa. Chikachotsedwa, galimoto imatulutsa utsi woipa kwambiri, imasokosera, ndipo kompyuta ya injini imayamba kulandira uthenga wolakwika. Galimoto zambiri za dizilo zili ndi sefa ya mwaye yotchedwa DPF. Ku Britain, kuyambira mu February 2014, galimoto yomwe idabwera ndi sefayi koma yachotsedwa imalephera mayeso a pachaka a MOT.

Zokuzira mawu, ma alamu ndi nyali zoonjezera zimafuna magetsi. Wolumikiza akatenga moto kubatire popanda kuika fyuzi yoyenera, kapena akagwiritsa ntchito waya woonda, wayayo amatentha mpaka kuyaka. Galimoto ikapsa, chinthu choyamba chomwe wofufuza wa kampani ya inshulansi amasakasaka ndi pomwe moto udayambira. Akapeza kuti udayambira pawaya woonjezera yemwe kampaniyo siidauzidwe, kukambirana kumavuta.

Mipando ndi ntchito ya galimoto

Kusintha koopsa koposa m'dziko muno mwina si kwa marimu kapena tinti, koma kwa mipando. Toyota Sienta yomwe imadzaza misewu yathu idapangidwira anthu osapyola 7. Probox ndi galimoto ya katundu wopepuka ndi anthu ochepa. Ma HiAce ambiri amabwera opanda mipando kumbuyo chifukwa kwawo ankanyamula katundu, ndipo mipando imaikidwa konkuno. Ntchito yotereyi ikachitika mosalongosoka, mipando imangogwidwa ndi mabawuti ochepa pachitsulo chopyapyala cha pansi, popanda malamba. Pangozi mipandoyo imazuka n'kupanikiza anthu.

Tiyerekeze kuti galimoto ya anthu 7 yanyamula anthu 11. Ngati aliyense mwa anayi oonjezerawo akulemera makilogalamu 65, ndiye kuti galimotoyo yasenza makilogalamu 260 omwe mabuleki ndi matayala ake sadawerengeredwe, osaphatikizapo matumba a chimanga.

Nkhaniyi imalumikizana ndi ya ntchito ya galimoto. Galimoto yonyamula anthu olipira imalembetsedwa mosiyana ndi ya pakhomo, imakhala ndi nambala yofiira komanso ziphaso zake, ndipo dalaivala wake amafunika chilolezo choyenera. Inshulansi yake nayo ndi ina. Mapangano ambiri a galimoto za pakhomo amanena poyera kuti sateteza galimotoyo ikamanyamula anthu kapena katundu molipiritsa. Munthu yemwe amanyamula matola pochokera kuntchito kuti apeze ya mafuta ayenera kudziwa kuti panthawiyo akhoza kukhala akuyenda kunja kwa pangano lake.

Mitundu iwiri ya inshulansi

Lamulo limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi inshulansi ya third party. Iyi siikonza galimoto yanu. Ntchito yake ndi kulipira anthu ena omwe mwawavulaza kapena mabanja a omwe afa, ndipo mapangano ambiri amaphatikizapo katundu wa ena yemwe mwamuononga. Inshulansi ya comprehensive imaonjezera pamenepo poteteza galimoto yanu yomwe ku ngozi, moto ndi kuba. Opita kunja kwa dziko amagulanso Yellow Card ya COMESA, yomwe ndi third party yogwira ntchito m'maiko omwe adalowa nawo mundondomekoyi.

Mitundu yonseyi yatsamira pamfundo imodzi, yomwe ndi kunena zoona zonse. Mfundoyi ndi yakale. M'chaka cha 1766, woweruza wa ku England, Lord Mansfield, adagamula mlandu wa Carter ndi Boehm wokhudza inshulansi ya linga la Fort Marlborough pachilumba cha Sumatra, lomwe lidalandidwa ndi asilikali a ku France. Iye adafotokoza kuti wogula inshulansi ndiye amadziwa bwino chinthu chomwe akufuna kuteteza, pomwe wogulitsa amangodalira mawu ake, choncho palibe mbali yomwe iyenera kubisira inzake mfundo yofunika. Malamulo a dziko lino adatengera zambiri ku malamulo a ku England, ndipo mfundoyi ndi maziko a ntchito ya inshulansi kuno mpaka lero.

Mfundo yofunika ndi iliyonse yomwe ikadachititsa kampani kusintha maganizo: kukana kukugulitsani inshulansi, kukweza mtengo kapena kuika malire ena. Injini yamphamvu imakweza mwayi wa ngozi. Marimu odula ndi zokuzira mawu zimakopa akuba. Mipando yoonjezera imachulukitsa anthu omwe angavulale. Zonsezi ndi mfundo zofunika. N'chifukwa chake mafomu ofunsira inshulansi kawirikawiri amakhala ndi funso lofuna kudziwa ngati galimoto idasinthidwa kuchoka pamomwe opanga adaitulutsira. Ambiri amangochonga kuti ayi osaganizira, kapena amasiyira ejenti kuti awalembere. Koma siginecha yomwe ili pansi pafomuyo ndi ya mwini galimoto.

Tsiku la ngozi

Chakudza sichiimba ng'oma. Ngozi ikachitika, kampani imatumiza katswiri wotchedwa assessor kuti akaone galimoto. Iye amayerekeza nambala ya injini ndi ya chasisi ndi zomwe zili pafayilo, amaona matayala, mipando ndi mawaya, komanso amawerenga lipoti la apolisi lomwe limanena chiwerengero cha anthu omwe adali m'galimotomo. Zomwe zidabisika zaka zitatu zimaonekera m'mphindi zochepa.

Kampani ikapeza kuti siidauzidwe mfundo yofunika, ikhoza kukana kulipira, kapena kuthetsa pangano lonse ngati kuti silidakhalepo. Ambiri amadabwa kumva kuti kampani ikhoza kudzutsa nkhaniyi ngakhale kusinthako sikudachititse ngoziyo. Chifukwa chake n'chakuti mkangano sukhala pa chomwe chachititsa ngozi, koma pa funso lakuti kodi kampaniyo ikadavomera pangano lomwelo pamtengo womwewo ikadadziwa zoona zonse.

Maiko ena adafewetsako mfundoyi. Ku Britain, lamulo la Consumer Insurance Act la 2012 limasiyanitsa munthu wonama dala ndi wolakwitsa mosasamala. Wonama dala amataya zonse, kuphatikizapo ndalama zomwe adalipira kale. Wolakwitsa mosasamala akhoza kulipidwa gawo chabe. Mwachitsanzo, ngati adalipira mapaundi 400 pomwe akadanena zoona akadalipira 500, amalandira 80 peresenti ya zomwe akadalandira. Koma limeneli ndi lamulo la kumeneko. Mwini galimoto kuno ayenera kudalira zomwe zalembedwa m'pangano lake ndi malamulo a dziko lino.

Kumbali ya anthu ovulala, lamulo la Road Traffic Act limapatsa munthu wovulazidwa ufulu wosumira kampani ya inshulansi mwachindunji, koma ndalama yomwe angalandire kukampaniyo siipyola malire omwe ali m'pangano. Khoti likagamula chipukuta misozi choposa malirewo, yotsalayo imagwera dalaivala ndi mwini galimoto. Ndipo kampani ikakana pangano, udindo wa mwini galimoto kwa ovulalawo sutha. Apa ndi pomwe munthu amaona masherifu akulowa pakhomo kudzatenga katundu. Omwe amavutika kwambiri ndi ovulalawo, omwe amadikira nthawi yaitali mlandu ukukankhidwa uku ndi uko.

Zoonjezera zanu ndani adzalipire?

Ngakhale kampani itavomera kulipira, pali funso lina. Inshulansi ya comprehensive imateteza galimoto monga idafotokozedwera pafomu, pamtengo womwe mudagwirizana. Marimu, zokuzira mawu, kanope ya pick-up ndi zina zomwe mudagula pambuyo pake sizilowamo zokha. Mapangano ambiri amaika malire pa zinthu zoterezi pokhapokha mutazilembetsa padera ndi mitengo yake. Ngati simudatero, galimoto ikabedwa mudzalandira mtengo wa galimoto wamba.

Mtengo wa galimoto yomwe nawo ufunika kuunikidwa chaka ndi chaka. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023, zomwe zidakweza mitengo ya galimoto ndi zipangizo zake. Mapangano ena ali ndi mfundo yakuti ngati mudateteza katundu pamtengo wotsika kuposa weniweni, kampani idzalipira molingana ndi gawo lomwe mudatetezalo. Tiyerekeze kuti galimoto ndi ya K20 miliyoni koma idatetezedwa pa K12 miliyoni, ndipo yaonongeka zinthu za K5 miliyoni. Pamfundo imeneyi kampani idzalipira K3 miliyoni yokha, n'kuchotsaponso excess, yomwe ndi gawo lomwe mwini galimoto amalipira yekha pangozi iliyonse.

Omwe adagula galimoto yatsopano kwa ogulitsa ovomerezeka akumbukirenso kuti kusintha injini, mawaya kapena miyendo ya galimoto kukhoza kuthetsa chitsimikizo cha opanga pazigawo zokhudzidwazo. Ndipo ngati galimoto ndi ya ngongole ya kubanki, pangano la ngongoleyo nalo liyenera kuwerengedwa musanaikhudze.

Wogula galimoto yogwirapo kale ntchito

Pali gulu lina lomwe limagwa m'mbuna losadziwa, lomwe ndi la ogula galimoto kwa anzawo. Yemwe adasintha injini kapena kukweza galimoto ndi mwini wake wakale, koma yemwe adzayankhe mafunso ndi watsopanoyo. Musanapereke ndalama, tsegulani boneti ndipo muyerekeze nokha nambala ya injini ndi ya chasisi ndi zomwe zili pa Blue Book. Onani kapepala komwe nthawi zambiri kamamatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala, komwe kamaonetsa mlingo wa matayala womwe opanga adalamula. Werengani mipando ndi malamba ake. Funsani wogulitsayo zomwe adasintha, ndipo mayankho ake alembedwe m'kalata ya malonda.

Njira yoyenera kutsata

Kusintha galimoto sikoletsedwa konse. Kusintha kwina n'kothandiza, monga kuika zipangizo zothandiza dalaivala wolumala, alamu yabwino kapena kachipangizo kolondola galimoto ikabedwa, komwe makampani ena amakalimbikitsa. Chofunika ndi ndondomeko yake.

Yambani ndi kufunsa ku DRTSS ngati kusinthako n'kololedwa komanso ngati kukufuna kuti galimoto ikapimidwenso kapena zolembedwa zisinthidwe. Kenako lemberani kampani yanu ya inshulansi kapena broker wanu ntchito isanayambe, ndipo mufotokoze chomwe mukufuna kusintha ndi mtengo wake. Musakhutire ndi yankho la pafoni. Pemphani kalata yoonjezera papangano, yomwe iwo amaitcha endorsement, yotchula zosinthazo. Mwina mtengo wa inshulansi ukwera pang'ono, mwinanso sukwera, koma mudzakhala ndi umboni.

Sankhani makaniko wodziwa ntchito ndi zipangizo zopangidwira mtundu wa galimoto yanu. Sungani malisiti onse, makamaka a injini, ndipo jambulani galimoto isanasinthidwe komanso itasinthidwa. Pokonzanso inshulansi chaka chikatha, unikani ngati zomwe zili pafayilo zikufanana ndi galimoto yomwe ili pakhomo.

Kwa omwe adasintha kale osanena, nthawi yabwino yokonzera zinthu ndi ino, ngozi isanachitike. Kampani yomwe yauzidwa lero ikhoza kungosintha pangano. Kampani yomwe yadzitulukira yokha pamalo a ngozi imakhala ndi chifukwa chokanira.

Ngati kampani yakana kukulipirani ndipo mukuona kuti sidachite chilungamo, pemphani kuti ikupatseni zifukwa zake polemba, kenako mudandaule kwa akuluakulu a kampaniyo. Zikakanika, makampani a inshulansi amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala. Khomo la khoti nalo ndi lotsegula.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Kalata imodzi yopita kukampani ya inshulansi ndi ulendo umodzi wa ku DRTSS zikhoza kukudyerani tsiku limodzi la ntchito. Mlandu wa ngozi ya galimoto yomwe zolembedwa zake sizikugwirizana ndi momwe ilili umatha zaka, ndipo nthawi zambiri umathera m'thumba la mwini wake.